Shafuti ya Malemu Choijil

Pikapu ya Choijil inakhala zaka zambiri yopanda livesi, ndipo mwiniwakeyo sankaona chodandaulira. Ati dziko lathu lonseli ndi bwalo lokhalokha, nanga munthu angabwerere chambuyo akufuna chiyani? Akafuna kutembenuka ankangozungulira kutali uko, fumbi lili kobo, n'kudzafika pomwe amafuna. Akabwera kudzadya kwanga ankaimika galimoto italozetsa mphuno kuchigwa kuti asavutike ponyamuka. Tinkamuseka, iye n'kumaseka nafe. Anali munthu wabwino Choijil, wofatsa mpaka kupusa nako, ndipo matenda a chiwindi anamutenga nyengo imene nkhosa zimaswa. Anasiyira mkazi wake Pagma nkhosa, galimoto ija ndi geri yawo, nyumba yozungulira ya mitengo ndi zofunda zaubweya imene abusa kuno amasamuka nayo.

Ine ndine Yanjin. Ndili ndi kanyumba kodyera m'mbali mwa msewu wolowera pakaboma kathu, ndimagulitsa tiyi, supu ndi buuzi, timitanda ta ufa tokhala ndi nyama m'kati, kwa madalaivala ndi abusa obwera kudzagula ufa. Zenera langa la kukhitchini limayang'ana m'bwalo la Jigjid, makaniko yekhayo amene tili naye kuno. Ndiye zimene ndikunenazi si zakumva ayi, ndinaziona ndi maso angawa, ndipo mpaka lero ndikazikumbukira mtima umandiwira.

Pagma anafika udzu utafiira kale, madzi a m'mphepete mwa mtsinje atayamba kugwirana m'mamawa. Fungo la kilatchi yopserera linandipeza galimoto isanaoneke n'komwe. Anali atayenda ulendo wonse pa giya yachitatu, chifukwa yoyamba inkangokukuta mano osalowa, ndipo yachiwiri ikalowa inkatuluka yokha. Anatsika n'kupita molunjika kwa Jigjid asanandipatse ndi moni yemwe.

Nkhawa yake ndinaimvetsa asananene. Inali nthawi yosamukira kumalo a m'chisanu, ndipo malo a banja la Choijil ali kuphiri, Pathanthwe Lakuda. Pamenepo pali khola lamiyala lotchingidwa mphepo, ndipo pansi pake pali ndowe zouma za nkhosa zimene zakhala zikuunjikana kuyambira nthawi ya agogo awo. Nkhosa ikagona pandowe zotero imadzuka m'mawa. Ikagona panthaka yeniyeni mwezi wa chisanu choopsa, umaipeza itauma gwa, miyendo ili m'mwamba. Koma njira yokafika kumeneko imathera pachitunda chamiyala chimene galimoto yolemedwa singakwere popanda giya yoyamba. Ndipo mwambo ndi womwe uja: amene wafika, n'kuimika geri, n'kukoleza moto, malowo ndi ake chaka chimenecho. Palibe amene amachotsa banja pamoto wake chipale chofewa chitagwa.

Malowo anali a Choijil chifukwa ndiye anali chitsirizira, ndipo moto wa bambo umatsalira chitsirizira. Mkulu wake, Samdan, anapatsidwa gawo lake la ziweto atakwatira, n'kukamanga khola kuchidikha cha kumadzulo, pamtetete pomwe mphepo imameta ngati lumo. Chaka china chisanu chinamuphera nkhosa zambirimbiri. Kuyambira pamenepo diso lake linali Pathanthwe Lakuda. Pamaliro penipeni pa mng'ono wake anthu anamumva akufunsa kuti kodi mkazi yekhayekha, ana ake aakazi ali kumzinda waukulu wa Ulaanbaatar, khola lalikulu chotere alitani.

Jigjid ndimamudziwa kuyambira ali ndi mamina. Paunyamata wake ankagwetsa anzake m'mabwalo a masewera, pano anangotsala mimba. Luso ali nalo, zimenezo sindingamunamizire. Akatsegula giyabokosi amayala chikopa cha ng'ombe pansi, n'kundanda zitsulo zonse motsatana mmene wazitulutsira, kuyambira kumutu kwa chikopa mpaka kumchira, ndipo palibe amene amaloledwa kuponda pafupi. Koma ndi wamantha, ndiponso wadyera. Ukamuonetsa mchira wa nkhosa yonona amaiwala dzina la amayi ake.

Tsiku lomwelo analowa pansi pa galimoto ya Pagma, n'kukhetsera oyilo m'beseni, wakuda bii, akunyezimira tizitsulo. Anamasula mabawuti, n'kuitana amuna awiri amene amangokhala pabwalo pake kudikira ndudu zaulere, n'kutsitsira giyabokosi patayala lakale. Ataitsegula anaitana Pagma kuti adzaone. Vuto linali laling'ono. Kamphete kamkuwa kamene kamathandiza giya kulowa kanali kataperepeseka, ndipo foloko yokankhira magiya inali itapindika. Foloko anati aiwongola yekha pamoto. Kamphete anati aitanitsa kutauni ya chigawo kudzera kwa dalaivala wa minibasi, nkhani ya mawa kapena mkuja.

Kenako anatulutsa shafuti yapansi, ija imanyamula magiya onse pamodzi. Inali yatsopano, mano ake ali nyatwa. Pagma anati mwamuna wake anaigula chaka chatha atagulitsa ubweya wa mbuzi, ati livesi ilibe ntchito koma giya yokwerera phiri si yosewera nayo. Jigjid anaitembenuzatembenuza m'manja nthawi yaitali, akusisita mano ake ndi chala, kenako anaigoneka pakati pa chikopa.

Ndinamuuza Pagma kuti agone kwanga, chifukwa kwawo ndi kutali ndipo analibe chopitira. Nkhosa anali atasiyira aneba ake, a Tsend, amene nawonso anali atamanga kale katundu wawo, akungodikira iye. Mayi uja sadziwa kukhala manja lende. Ankadzuka ine ndisanadzuke, n'kukoleza moto, n'kukanda ufa, ndipo buuzi amatsina mokongola kundiposa, ndikuvomereza. Koma m'mawa uliwonse ankayamba wapita kukaima pafupi ndi chikopa chija, kuyang'ana zitsulo za mwamuna wake zili ndandanda. Jigjid ankati mawa. Mawa likafika ankati dalaivala waiwala. Tsiku lina ati sitolo anaipeza yotseka, lina ati abweretsa kamphete kosayenera. Uku m'mapiri akumpoto nsonga zitayamba kuyera.

Kenako kunatulukira Samdan panjinga yamoto, kumbuyo atamangirira nkhosa yosenda kale, mchira wake wamafuta ukulendewera. Pikapu yake inali kuseri kwa shedi ya Jigjid kuyambira chilimwe, mtundu umodzi ndi ya Choijil, agalu atasandutsa pansi pake chogona. Anthu onse ankadziwa kuti inagulula mano a giyabokosi akukoka nayo thanki yamadzi. Amuna awiriwo anapatsana timabotolo ta fodya wamphuno monga timachitira polonjerana, n'kulowa m'shedi. Nkhosa ija inalowa nawo, koma sinatuluke.

Atatero Samdan anabwera kwanga. Pagma anaimirira msanga, n'kumukonzera malo abwino, n'kumupatsa tiyi ndi manja awiri monga amachitira mkazi wa mng'ono. Samdan anafunsa ngati nkhosa zanenepa, ngati ana akuimba foni, ngati udzu wa m'chisanu anamweta wokwanira. Mawu ake anali ozuna, maso ake ali kuzenera.

"Za kuphiri musadere nazo nkhawa, mlamu," anatero akupemerera tiyi. "Chibale ndi fupa, sichiola. Ine ndilipo."

Pagma anagwetsa misozi, ndithu. Samdan atachoka, mayi uja anandiuza kuti mwina anthu ankangomunamizira mlamu wakeyo, munthu amasintha akaika mng'ono wake m'manda. Ine ndinangomenyetsa chivundikiro papoto. Samdan ndinaphunzira naye sukulu, ndipo mwana amene ankaba chakudya cha anzake kugonero sasintha chifukwa cha imvi.

Madzulo ake Jigjid anafunditsa chikopa chija ndi tenti yakale, n'kutsendera miyala m'mbali, ati fumbi likuwononga zitsulo. M'mawa mwake anakankhira pikapu ya Samdan m'shedi n'kutseka chitseko. Ndinamukuwira pazenera kuti nanga bwanji wayamba ya munthu wina, ya mayi wamasiyeyu ili gada pabwalo.

"Achemwali, inu buuzi, ine zitsulo," anatero osatembenuka. "Ndinayamba ndakufunsani zimene mumaika m'nyama yanuyo?"

Amuna a ndudu aja anaseka mpaka kutsokomola. Ndinamuyankha zimene sindingabwereze pano, koma chitseko chinakhalabe chotseka. Pagma anandipempha kuti ndisamukwiyitse, poti galimoto ili m'manja mwake. Anatumiza ndi mbale ya buuzi zotentha kushediko, zotsina yekha.

Pikapu ya Samdan inatuluka ikulira bwino, n'kupita kumadzulo. Sipanapite nthawi yaitali, m'mawa wina kukuzizira kwambiri, tinaiona ikubweranso, italemedwa mpaka matayala kuphwatalala. Inanyamula geri yonse, mitengo yake ndi zofunda zake zaubweya, chitofu, mabokosi, mbale ya wailesi ya kanema, ndi nkhata ya denga itamangidwa pamwamba. Kutsogolo kunali mkazi wake Badam atakumbatira ketulo. Anaima pothirira mafuta, moyang'anana ndi khomo langa.

Anthu osamuka akadutsa pakhomo pako umawatulutsira tiyi, kaya ndi adani ako. Zimenezo sitichita kuuzana. Ine manja anali ndi ufa, ndiye Pagma ndi amene anathamanga kukatereka tiyi watsopano. Anathira mkaka wambiri ndi mchere, n'kuponyamo kabatala, poti ndi abale. Anawoloka msewu atanyamula ketulo ndi mbale. Ndinamutsatira ndikupukuta manja.

Samdan anatsika, n'kukhala pansi pafupi ndi tayala, n'kumwa mbale yoyamba, yachiwiri. Badam sanatsike, analandirira pazenera maso ali pansi, ndipo anangolawa. Pagma anafunsa kuti ulendowu ndi wakuti. Samdan anati akungokwera kumtundaku, akaone kumene udzu uli, anyamata ake atsogola kale ndi nkhosa. Pagma anawafunira ulendo wabwino ndi chisanu chofatsa. Samdan atakwera m'galimoto, mayi uja anathamangiranso m'khitchini mwanga, n'kutunga mkaka ndi chipande, n'kuwaza kumbuyo kwa matayala kuti njira yawo iyere. Injini inalira, giya yoyamba inalowa mwakachetechete, yachiwiri chimodzimodzi.

"Mwamva mmene ikulowera, achemwali?" anatero Pagma akumwetulira. "Yanga idzakhalanso chonchi."

Kunja kwa kaboma msewu umagawikana. Wakumanzere umatsata mtsinje, kumene kuli malo ambiri. Wakumanja umakwera kuphiri, ndipo kumeneko kulibe khola lina koma limodzi. Tinaima tonse tikuyang'ana fumbi lawo. Linakhotera kumanja.

Pagma anatembenuka. Anayenda pang'onopang'ono kupita kubwalo la Jigjid, chipande chili m'manja, n'kusuntha miyala ndi phazi, n'kuvundukula tenti ija. Zitsulo zonse zinali m'malo mwake kuyambira kumutu kwa chikopa mpaka kumchira. Foloko inali yowongola kale. Kamphete kamkuwa katsopano kanali pomwepo m'kapepala kake, kapepalako katachita fumbi. Pakati pa chikopa, pomwe panali shafuti ya Choijil, panagona ina yadzimbiri, mano ake a giya yoyamba atagululuka mbali imodzi.

Jigjid anatuluka m'shedi akutafuna. Ataona tenti ili pambali anameza, n'kuyamba kukanda pakhosi. Anati a Samdan angobwereka, adzabweza akakhazikika. Anati galimoto inali ya mng'ono wawo, ndipo mkulu akati ndikufuna chitsulo cha mng'ono wanga, iye ndi ndani kuti akane. Anati nkhani za m'banja salowerera.

"Munadziwa kumene akupita nayo?" anafunsa Pagma.

"Ine ndimakonza giyabokosi, mlongo wanga. Kumene galimoto ikupita ndi nkhani ya wogwira chiwongolero."

Apa ndiye ndinapsa mtima zenizeni. Ndinamutchula galu, ndinamutchula wakuba wobera akufa, ndinamukumbutsa kuti Choijil ndi amene anamutola ataledzera pachipale chaka china, zala zisanaduke. Ndinamufunsa ngati mchira wa nkhosa ija unali wokoma. Mmodzi wa amuna a ndudu aja anati komatu mayiwa achita bwino kuwazira mkaka, shafuti ya amuna awo ikafike bwino kwawo. Anzake anaseka. Pagma anayang'ana chipande chimene chinali m'manja mwake, n'kuchibisa kumbuyo ngati mwana.

Shafuti ina yotero kutauni ya chigawo kunalibe, inkachokera ku Ulaanbaatar, ndipo chipale sichikanadikira zimenezo. Jigjid anati pali njira. Awotcherera mano atsopano pashafuti ya Samdan, awasalaza ndi tupa, ndipo galimoto iyenda. Ndinamufunsa ngati mano owotcherera angakwere chitunda chija ndi katundu. Anakweza mapewa, n'kunena kuti ena amakwera.

Ndinamuchonderera Pagma kuti aiwale za kuphiri, afune malo ena. Anandifunsa kuti kuti. Khola lililonse la m'chisanu m'dera lathu lili ndi mwini wake, ndipo onse anali atalowamo kale. Kukhala pamalo a m'dzinja pomwe anali kunali kupereka nkhosa ku mphepo. Anati Pathanthwe Lakuda pali malo a mageri awiri, khola ndi lalikulu, ndipo mlamu wake sangamubweze pamaso pa mizimu ya makolo awo. Ankayankhula modekha, koma maso ake anali ofiira. Ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo ngakhale pamaliro a mwamuna wake.

Jigjid anagwira ntchitoyo msanga, poti tsopano panalibe chomuchedwetsa. Anawotcherera, anapala, anayeza, anapalanso. Anabwezera zitsulo m'bokosi kuyambira kumchira kwa chikopa mpaka kumutu, n'kuthira oyilo watsopano, n'kukweza giyabokosi m'malo mwake. Anailiza, n'kuzungulira nayo bwalo. Kenako, amuna aja akuonerera, anaiyendetsa chambuyo mpaka pamapazi a Pagma, n'kutulutsa mutu pazenera.

"Ndakukonzerani ndi livesi yomwe, yaulere," anatero. "Mwina muifuna pobwerera."

Ndinatseka kanyumba kanga n'kupita naye. Geri saimika munthu mmodzi, ndipo sindikanatha kukhala pansi n'kumakanda ufa. Tinafika kwawo, tinagwetsa geri, tinapakira zonse, udzu womweta tinaunjika pamwamba mpaka galimoto kuoneka ngati mulu woyenda. A Tsend anakusa nkhosa pahatchi kutsogolo kwathu. Anatifikitsa m'munsi mwa chitunda masana, n'kutsanzika, chifukwa banja lawo linali likuwadikira kuti nalonso lisamuke. Sindiwaimba mlandu. Kumwamba kunali kutada, ndipo timapale tinali titayamba kugwa pagalasi.

Tili m'munsimo tinkaona zonse. Khola lamiyala, thanthwe kuseri kwake, ndi geri ya Samdan itaima ndendende pomwe inkaima ya Choijil, utsi ukutuluka mowongoka. Pagma anapuma mozama, n'kulowetsa giya yoyamba. Inalowa bwino. Tinayamba kukwera, injini ikubuula, miyala ikuthawa pansi pa matayala, nkhosa zikubalalika m'mbali. Ndinagwira chitseko ndi manja awiri ndikupemphera chamumtima. Tinapitirira pakati, tinafika pokhota pomwe pali potsetsereka kwambiri, ndipo pansi pa mapazi athu panamveka kuti khotcho, kenako phokoso la zitsulo zogubuduka m'bokosi. Injini inkalira koma galimoto sinkapita. Inayamba kutsetsereka. Pagma anaponda buleki ndi miyendo yonse, ine n'kudumpha kukaika miyala kumatayala.

Samdan anali ataima pakhomo la khola, manja ali kumbuyo. Anationa kuyambira pachiyambi. Sanafulumire. Analowa kaye m'geri, kaya kukamaliza tiyi, ife tili pamphepo, chipale chikukulirakulira. Pambuyo pake anatsika ndi pikapu yake, n'kuponya chingwe pamapazi a Pagma. Mayi uja anagwada pachipale n'kumangirira yekha. Samdan anatikoka pa giya yoyamba mpaka pamwamba, ndipo shafuti ya Choijil sinaphonye dzino ngakhale limodzi. Pagma anagwira chiwongolero akuyang'ana chingwe, milomo ataluma.

Pamwamba mphepo inali itayamba kuluma zenizeni. Nkhosa za Pagma zinkalidziwa khola lawo, zinathamangira pachipata n'kuunjikana, zikulira. M'katimo munali kale za Samdan, zitagona pandowe zofunda. Anyamata ake awiri anali atatsamira chipata, chili chotseka. Badam sanatuluke n'komwe m'geri.

Pagma anayamba ndi moni wonse, monga mwa mwambo, ngati kuti sanaonane m'munsimu. Kenako anapempha kuti atsekule, nkhosa zilowe kusanade. Anati khola likwanira onse, ndipo udzu umene wabweretsa adzagawana.

Samdan anavomera kuti likwanira. Anati iye si munthu woti angasiye nkhosa za mng'ono wake zifere panja, anthu angamuone bwanji. Akuyankhula anasolola mpeni m'chimake, n'kuunola pamwala wa khola, mbali iyi ndi iyi.

"Koma khola limodzi, chizindikiro chimodzi, mlamu. Bambo ankatero. Sindikufuna kuti tidzakangane poswa."

Nkhosa za Choijil zinali ndi chizindikiro cha bambo awo, khutu lakumanja long'ambidwa pang'ono. Samdan atapatsidwa gawo lake anangowonjezera chinthu chimodzi kuti zake zidziwike, kudula nsonga ya khutu lomwelo. Ndiye kuti nkhosa ya Pagma isanduke ya Samdan sipankafunika zambiri, mpeni unkangodutsa kamodzi. Ndipo khutu likadulidwa silimeranso.

Ndinalumpha pakati pawo. Ndinati Samdan, ndiwe mmbulu, waba shafuti, waba malo, tsopano ukufuna kuba ndi nkhosa zomwe, mng'ono wako asanaole n'komwe. Ndinati ndikafika pakaboma ndikauza aliyense wolowa pakhomo langa. Anandiyang'ana mofatsa, n'kufunsa ngati ndabwera kudzaimika geri kapena kudzaweruza milandu. Kenako anatembenukira kwa Pagma.

"Palibe akukukakamizani. Mukafuna zikhale zanu, dziko ndi lalikulu. Pitani nazo."

Pagma anacheukira galimoto yake, oyilo akudontha pachipale. Anayang'ana kuchigwa, koma chigwa sichinkaonekanso, kunali mbuu. Nkhosa zinkakankhana pachipata, misana itayera, zazing'ono zitayamba kunjenjemera. Ndinamugwira dzanja, n'kumuuza kuti tigona nazo panja, tizitchinga ndi zofunda za geri, mawa tiona chochita. Ndinkadziwa kuti ndikunama. Iyenso ankadziwa.

"Achemwali, khalani chete," anatero. "Zikagona panja sizidzuka."

Anavula magolovesi n'kuwaika m'chifuwa. Analowa pakati pa nkhosa, n'kugwira yaikazi yaikulu imene imatsogolera zinzake, n'kuikokera pachipata. Anyamata aja sanasunthe kuti amuthandize, ndipo bambo awo sanawauze. Pagma anaipana ndi mawondo, n'kuigwira mutu, n'kutambasula khutu lakumanja ndi zala zake. Mpeni unadutsa. Mnyamata anatsekula chipata pang'ono, nkhosa inalowa ikupukusa mutu, chipata n'kutsekedwanso. Pagma anabwerera kukagwira ina.

Zinali zambiri, ndipo anazigwira yekha zonse. Ine sindinathe, manja anakana. Ndinangoima potero ndikulira ndi ukali, misozi ikuuma m'masaya. Chipale cha pachipata chinafiira, galu wa Samdan n'kumatola tinsonga ta makutu tikagwa. Zala za Pagma zinachita dzanzi mpaka nkhosa zina zinkamupulumuka, ndipo Samdan ankati gwirani bwino mlamu, ndingakuchekeni. Ina inathawira kuseri kwa thanthwe, mayi uja anaithamangira akugwa m'chipale, n'kubwera nayo ataikoka mwendo.

Yomaliza italowa, Samdan anapukuta mpeni pathalauza n'kuubwezera m'chimake. Analoza kumunsi kwa khola, kumene amataya phulusa, n'kunena kuti Pagma aimike geri yake kumeneko. Anati m'mawa ndi mayi uja amene azitulutsa nkhosa kubusa, poti anyamata abwerera kutauni ndipo Badam msana ukumuvuta. Chakudya sadzasowa, anatero, pakhomo pa Samdan palibe amene amagona ndi njala.

Pagma anapukuta manja pachipale, n'kukonza mpango wake, n'kuwerama pang'ono.

"Zikomo, alamu," anatero.